Mbiri ya Purosesa: Mmene Inaphunzirira Kugona, ndi Mmene Anthu Anayambira Kuiyeza

Purosesa yoyamba imene kampani ya Intel inaika pamsika, yotchedwa 4004, inatuluka m'chaka cha 1971. Inali ndi ma transistor pafupifupi 2,300, ndipo wotchi yake inkagunda ka 740,000 pa sekondi imodzi. Wotchi imeneyi si yoonera nthawi. Ndi kugunda kwa magetsi kumene kumayendetsa ntchito zonse za m'kati mwa purosesa, ndipo kugundako kukachuluka ntchitonso imafulumira. Masiku amenewo liwiro la purosesa linali nambala imodzi yosasintha. Munthu akayatsa makina, wotchi inkagunda chimodzimodzi mpaka atazimitsa, kaya ntchito ilipo kaya palibe. Kuyeza kunalibe phindu, chifukwa zimene wopanga analemba pa pepala ndi zomwe zinkachitikadi m'makinamo.

Kompyuta ya IBM PC itatuluka mu 1981, inabwera ndi purosesa ya 8088 yoyenda pa 4.77 MHz. Olemba mapulogalamu anaidalira nambalayi kwambiri, moti magemu ambiri ankawerengera nthawi potengera liwiro la purosesayo. Makina othamanga atayamba kufika, magemu aja anayamba kuthamanga mosagwirika. Akale a ntchitoyi amakumbukirabe batani lolembedwa Turbo lomwe linkakhala kutsogolo kwa bokosi la kompyuta, nthawi zina ndi timanambala towala pambali pake. Ntchito ya batanilo inali kusintha makina pakati pa liwiro lonse ndi liwiro lochepa, kuti mapulogalamu akale aziyenda bwino. Apa ndi pomwe anthu wamba anayamba kuona purosesa imodzi ikuyenda pa maliwiro awiri, koma wosankha anali munthu, ndi chala chake.

Njira yopumitsira purosesa inalipo kale. Purosesa ya 8086, ya mu 1978, inali ndi lamulo lotchedwa HLT, limene limaiuza kuti iime mpaka china chake chiidzutse, monga kudina kwa kiyibodi. Koma MS-DOS, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, sinkaligwiritsa ntchito podikira. Inkangozungulira pamalo amodzi, kufunsa mobwerezabwereza ngati munthu wadina batani, ngati chigayo cha dizilo chongolira tsiku lonse m'kati mulibe chimanga. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ku Helsinki mu 1991, inatengera HLT idakali yaing'ono. Ogwiritsa ntchito Windows 95 ndi Windows 98 ambiri ankachita kuikamo timapulogalamu tapadera monga Rain, Waterfall ndi CpuIdle, tomwe ntchito yake inali imodzi yokha: kupereka lamulo la HLT nthawi imene makina alibe chochita, kuti purosesa izizire.

Nyengo ya malaputopu

Chimene chinasintha maganizo a opanga makina ndi batire. Kompyuta ya pa desiki imakoka magetsi ku khoma osawerengera, koma laputopu imadya zomwe yanyamula. Mu 1990 Intel inatulutsa 386SL, purosesa yopangidwira makompyuta onyamula m'manja. Mu 1992 Intel ndi Microsoft anagwirizana pa dongosolo la APM, ndipo chaka chomwecho boma la America linayambitsa chizindikiro cha Energy Star cha zipangizo zosawononga magetsi. Mu APM, wolamula anali BIOS, pulogalamu yaing'ono yokhala pa bolodi la kompyuta. Vuto linali lakuti BIOS sinkadziwa zimene mapulogalamu akuchita. Inkangoyerekeza poona ngati kiyibodi kapena disiki yakhala chete kwa kanthawi, ndipo kawirikawiri inkagoneka makina pa nthawi yolakwika.

Mu Disembala 1996, Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, dongosolo limene linalanda ulamulirowo kwa BIOS n'kuupereka kwa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Linux. ACPI ndiyo inabweretsa mayina a ma C-state omwe akatswiri akugwiritsabe ntchito lero. C0 ndi pamene purosesa ili maso, ikugwira ntchito. C1 ndi kusinza chabe, kuja kwa HLT. C2 ndi C3 ndi tulo tozamirapo, pomwe mawotchi ena a m'kati amaimitsidwa. Lamulo lake ndi limodzi: tulo tikazama magetsi amapulumuka ambiri, koma kudzuka kumatenganso nthawi ndipo kumadya magetsi akeake. Purosesa ikagona tulo tozama n'kudzutsidwa nthawi yomweyo, yaluza m'malo mopindula. Mu 2000, ACPI 2.0 inawonjezera ma P-state, omwe ndi masitepe a liwiro ndi voltage pa nthawi imene purosesa ili maso.

Pakati pa zaka zimenezi panachitika chinthu china chomwe phindu lake linadzaoneka mochedwa. Pentium ya mu 1993 inabwera ndi chowerengera chotchedwa TSC, chimene chimawerenga kugunda kwa wotchi kuyambira pamene makina ayatsidwa, komanso timabokosi ta m'kati totchedwa MSR, momwe purosesa imasungamo za mmene ikuyendera. Zida zambiri zoyezera zimene zinadzabwera pambuyo pake zimatunga pa chitsime chimenechi.

Mpikisano wa liwiro ndi khoma la kutentha

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makompyuta ankagulitsidwa ndi nambala ya MHz. Mu Malichi 2000, kampani ya AMD inafika pa 1 GHz ndi purosesa ya Athlon, patangotsala masiku ochepa kuti Intel ilengeze yake. Koma chaka chomwecho kunatulukanso njira ina: SpeedStep ya Intel, PowerNow! ya AMD, ndi purosesa ya Crusoe ya kampani ya Transmeta. Zonsezi zinkatsitsa liwiro ndi voltage pamodzi ntchito ikachepa. Chifukwa chake chili m'masamu a magetsi. Liwiro likatsika ndi theka, magetsi oyendetsera ma transistor amatsikanso ndi theka, koma voltage ikatsika ndi theka, magetsiwo amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo purosesa yoyenda pang'onopang'ono imatha kukhutira ndi voltage yochepa, choncho phindu limabwera mbali ziwiri.

Kwa zaka pafupifupi 30 opanga mapurosesa ankadalira mfundo imene Robert Dennard wa ku IBM ndi anzake anafotokoza mu 1974, yakuti ma transistor akamachepa msinkhu, magetsi omwe amadya amachepanso, kotero kuti kutentha pa kachigawo kalikonse sikukwera. Zaka za m'ma 2000 zili pakati, mfundoyi inasiya kugwira ntchito. Ma transistor anachepa kwambiri mpaka magetsi anayamba kudontha ngakhale pamene sakugwira ntchito, ndipo voltage sinathenso kutsika monga kale. Pentium 4 inakafika pa 3.8 GHz, ndipo mitundu ina inkafuna chozizitsira chotha kuchotsa kutentha kwa mawati 115. Mu 2004 Intel inaleka mapulani a purosesa yotchedwa Tejas, kenaka inalekanso Pentium 4 ya 4 GHz. Njira yatsopano inachokera ku Haifa, ku Israel, kumene akatswiri a Intel anapanga Pentium M ya malaputopu mu 2003. M'banja limeneli ndi momwe munabadwira mapurosesa a Core mu 2006. Kuyambira pamenepo, m'malo mwa purosesa imodzi yothamanga koopsa, opanga anayamba kuika ma core awiri, anayi ndi kupitirira m'kachipangizo kamodzi, core iliyonse yotha kugwira ntchito ndi kupuma payokha.

Chaka cha 2007

Ku mbali ya Linux, gawo loyendetsa liwiro lotchedwa cpufreq linafika kwa anthu ambiri ndi kernel 2.6 kumapeto kwa 2003, ndipo posakhalitsa kunabwera ondemand, njira yokweza liwiro ntchito ikachuluka n'kulitsitsa ikachepa. Koma tulo ta purosesa tinali tosokonezekabe. Kernel, mtima wa Linux, inali ndi belu lake lomwe linkalira mosalekeza: poyamba ka 100 pa sekondi, kenaka ka 1,000, pambuyo pake ka 250. Belu lililonse linkadzutsa purosesa kuti ione ngati pali chochita, ngakhale pamene panalibe. Mu Epulo 2007, kernel 2.6.21 inabwera ndi ntchito ya Thomas Gleixner ndi Ingo Molnar imene inalola kuti beluli likhale chete makina akakhala opanda ntchito.

Belu litatonthola, zinaoneka kuti odzutsa purosesa analipo ena ambiri. Mapulogalamu wamba anali ndi chizolowezi chodzuka kambirimbiri pa sekondi kuti aone ngati fayilo yasintha kapena ngati mbewa yasuntha. Kale palibe ankaona vuto limeneli chifukwa phokoso la belu lija linkalibisa. Mu Meyi 2007, Arjan van de Ven wa ku Intel anatulutsa PowerTOP, pulogalamu yoyendera pa terminal, zenera lija lolembamo malamulo ndi kiyibodi. PowerTOP inkaonetsa nthawi imene purosesa yakhala mu C-state iliyonse, kuchuluka kwa kudzuka pa sekondi, ndi mndandanda wa mapulogalamu odzutsa, kuyambira wosokoneza kwambiri. Mndandandawu unachita zimene malangizo a zaka zambiri analephera. Wolemba pulogalamu akaona dzina la ntchito yake pamwamba, ankadziwa pokonza, ndipo ogwiritsa ntchito ankatumiza madandaulo okhala ndi manambala. Kumayambiriro kwa 2008, kernel 2.6.24 inabweretsa cpuidle, gawo losankha kuzama kwa tulo poyerekeza nthawi imene purosesa ikhale isanadzutsidwe.

Mu 2007, nkhaniyi inatuluka m'malaputopu n'kulowa m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo maseva. Bungwe la EPA la ku America linauza nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti mu 2006 maseva ndi nyumba zake anadya ma kilowatt-hour pafupifupi 61 biliyoni, omwe ndi 1.5 peresenti ya magetsi onse a dzikolo. Luiz André Barroso ndi Urs Hölzle a ku Google analemba kuti maseva ambiri amathera nthawi yawo akugwira ntchito yapakati pa 10 ndi 50 peresenti ya mphamvu zawo, koma seva yongokhala inkadyabe pafupifupi theka la magetsi omwe imadya ikalemedwa. Pempho lawo linali lakuti makina azidya molingana ndi ntchito imene akugwira.

Kubadwa kwa turbostat

Mu Novembala 2008 Intel inatulutsa Core i7 yoyamba, ya m'banja la Nehalem. M'kati mwake munali kachipangizo kapadera koyang'anira magetsi ndi kutentha, ndipo core yogona mu C6 inkadulidwiratu magetsi. Munalinso Turbo Boost: ma core ena akagona, magetsi ndi mpata wa kutentha zomwe asiya zimapatsidwa kwa ma core omwe ali maso kuti athamange kupitirira liwiro lolembedwa pa bokosi. Apa kugona ndi kuthamanga zinakhala nkhani imodzi. Munthu wotseka tulo tozama poganiza kuti makina athamanga, nthawi zina ankadzimana yekha liwiro lapamwamba.

Kuyambira nthawi imeneyi, Linux inasiya kukhala wolamula weniweni. Imapempha liwiro, imapempha tulo, koma purosesa imasankha yokha potengera kutentha, magetsi ndi zimene ma core ena akuchita. Nambala imene munthu ankaiona mu /proc/cpuinfo nthawi zambiri inali ya chopemphedwa osati chochitika. Pulogalamu yakale ya top inkatha kunena kuti purosesa yatanganidwa 50 peresenti, koma osanena kuti pa liwiro lanji.

Len Brown wa ku Intel, yemwe kwa zaka zambiri ankayang'anira ACPI mu Linux, analemba turbostat kuti atseke mpata umenewu. Chidachi chinalowa m'gwero la kernel cha kumayambiriro kwa 2011, m'chikwatu cha tools/power/x86/turbostat, ndipo chikukhalabe momwemo. Nzeru yake yagona pa zowerengera ziwiri za m'kati mwa core iliyonse. MPERF imawerenga pa liwiro losasintha, koma pokhapokha core ili maso. APERF imawerenganso core ili maso, koma pa liwiro lenileni la nthawi imeneyo. Chidachi chimawerenga manambalawa, n'kudikira masekondi 5, n'kuwerenganso. Poyerekeza MPERF ndi TSC chimapeza Busy%, gawo la nthawi imene core inali maso. Poyerekeza APERF ndi MPERF chimapeza Bzy_MHz, liwiro limene core inkayenda pamene inali maso. Avg_MHz ndi liwiro logawidwa pa nthawi yonse, kuphatikizapo ya tulo. Core imene yagwira ntchito 10 peresenti ya nthawi pa 3,000 MHz imaonetsa Avg_MHz ya 300, ndipo wodziwa kuwerenga sadandaula nayo nambalayi, chifukwa ikutanthauza kuti core inamaliza ntchito msanga n'kubwerera kukagona.

Pa nkhani ya tulo, turbostat imaonetsa mbali ziwiri. Mizere ina imanena tulo timene Linux inapempha, pomwe mizere monga CPU%c1 ndi CPU%c6 imanena timene core inagonadi. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumaulula vuto. Palinso mizere ya Pkg%pc2, Pkg%pc6 ndi ina, yonena za tulo ta purosesa yonse pamodzi. Tulo timeneti timatheka pokhapokha ma core onse atagona, ndipo tozama kwambiri timafunanso kuti zipangizo zoyandikana nazo, monga disiki, khadi la netiweki ndi sikirini, zilole. Kachipangizo kamodzi kokana kupuma kangathe kusunga purosesa yonse m'maso usiku wonse. Munthu angathenso kulemba turbostat n'kutsatiza dzina la pulogalamu ina, ndipo chidachi chimayeza kuyambira pamene pulogalamuyo yayamba mpaka itatha. Chimafuna ulamuliro wa root, woyang'anira wamkulu wa makina, ndipo popeza nachonso chimadzutsa ma core kuti chiwerenge, odziwa amatalikitsa nthawi yodikira akamayeza makina ongokhala.

Mawati aonekera

Chimene chinkasowabe ndi magetsi enieniwo. Mu 2011, mapurosesa a Sandy Bridge anabwera ndi RAPL, dongosolo limene linapangidwira kuika malire a magetsi, koma kuti lichite zimenezo limayenera kuwerenga mphamvu imene purosesa yadya. Kuchokera pamenepo turbostat inawonjezera mizere ya PkgWatt ya purosesa yonse, CorWatt ya ma core, GFXWatt ya gawo la zithunzi, ndi RAMWatt ya memory pa makina omwe amaiwerenga, makamaka maseva. Pambali pake pali CoreTmp ndi PkgTmp za kutentha. Manambalawa si a magetsi onse ochokera ku khoma, chifukwa sawerengera sikirini, fani ndi zotayika m'chaja, koma kwa nthawi yoyamba munthu anatha kuona mawati a purosesa popanda kutsegula bokosi ndi kulumikiza mita. Chaka chomwecho chida china, cpupower, chinalowa m'gwero la kernel, chotha kuonetsa ndi kusintha za liwiro ndi tulo.

Mapurosesa a Haswell a mu 2013 anazamitsa tulo mpaka C8, C9 ndi C10 pa malaputopu opyapyala. Pa makompyuta a pa desiki, tulo ta Haswell tinkakoka magetsi ochepa kwambiri, ma ampere 0.05 okha, moti mabokosi ena akale operekera magetsi ankalephera kukhazikika, ndipo ogulitsa anayamba kulemba pa katundu wawo kuti ndi woyenera Haswell. Chaka chomwecho Linux 3.9 inabweretsa intel_pstate. Mu 2015, Skylake inabwera ndi Speed Shift, imene inapereka chisankho cha liwiro kwa purosesa yeniyeniyo, Linux n'kumangotchula malire ndi kunena ngati ikufuna changu kapena kusunga batire. Ulamuliro umene ACPI inalanda kwa BIOS mu 1996 unabwereranso m'kati mwa chipangizo, ndipo kufunika kwa chida choona zochitikadi kunakula. AMD nayo inaika zowerengera zofanana m'mapurosesa ake a Zen, omwe anayamba mu 2017, ndipo turbostat inaphunzira kuziwerenga. Mu 2021 Intel inatulutsa Alder Lake, yosakaniza ma core amphamvu ndi ma core osunga magetsi, njira imene kampani ya ARM inayamba mu 2011 ndi big.LITTLE ya m'mafoni.

Si onse omwe amafuna tulo tozama. Makampani ogulitsa masheya pa liwiro lalikulu ndi a matelefoni nthawi zina amatsekeratu ma C-state ozama, chifukwa kwa iwo kuchedwa kudzuka, ngakhale kwa kachigawo kakang'ono ka sekondi, n'kodula kuposa magetsi. Nawonso amatsegula turbostat kuti atsimikize kuti zimene akonza zagwiradi.

Kuona bwino kunabweranso ndi ngozi yake. Mu Novembala 2020, ofufuza a ku Graz, Birmingham ndi a bungwe la CISPA anaonetsa kuti powerenga RAPL mobwerezabwereza, pulogalamu wamba ingathe kuba makiyi achinsinsi, chifukwa magetsi omwe purosesa imadya amasintha pang'ono malinga ndi manambala amene ikuwerengera. Njirayi anaitcha PLATYPUS, ndipo Linux inatseka zowerengerazo kuti azizifikira root yekha. Mu 2022 ofufuza ena, ndi njira yotchedwa Hertzbleed, anaonetsa kuti ngakhale kukwera ndi kutsika kwa liwiro kungaulule zinsinsi.

Lero

Bungwe la International Energy Agency likuyerekeza kuti mu 2024 nyumba zosungiramo maseva padziko lonse zinadya ma terawatt-hour pafupifupi 415, omwe ndi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Pa makina a Apple pali chida chofanana chotchedwa powermetrics, pa Windows pali powercfg, ndipo pa Linux turbostat, PowerTOP ndi cpupower zimapezeka kwaulere. Kuno kwathu, kumene seva ya pa chipatala kapena pa sukulu imatha kudalira sola ndi batire, nkhani ya mawati si ya akatswiri a kunja okha. Seva yongokhala ikamadya mawati 10 owonjezera chifukwa purosesa sikugona, pa maola 24 yadya ma watt-hour 240 pachabe, ndipo kusiyana kumeneku kungapangitse batire kutha kusanache.

Katswiri wokonza makompyuta akalandira laputopu yotentha kapena yochedwa, safunikanso kulosera. Ngati Busy% ili pamwamba koma Bzy_MHz yatsika pamene PkgTmp yakwera, purosesa ikudziteteza ku kutentha, ndipo mankhwala ake angakhale kuchotsa fumbi m'fani ndi kupaka mafuta atsopano ozizitsira. Ngati makina ali chete koma mizere ya tulo tozama ikuonetsa ziro, pali pulogalamu kapena chipangizo chimene chikuidzutsa, kapena wina anatseka C-state mu BIOS. Makina ambiri omwe amaweruzidwa kuti akalamba amakhala kuti sanayezedwe. Nambala yolembedwa pa bokosi inasiya kalekale kufotokoza zonse, choncho aliyense wophunzitsa achinyamata ntchito ya makompyuta awaphunzitsenso kutsegula terminal ndi kuwerenga mizere imeneyi asanauze mwini makina kuti akagule ena.